Screenshot ija, mwaitumiza kwa ndani?



Mu Surat Al-Hujurat, ayah 12, Allah watiletsa zinthu zitatu motsatizana: kuganizirana zoipa, kuchitana ukazitape, ndi kudyana miseche. Tikamva mawu akuti kazitape timathamangira kuganiza za boma, ndipo chifukwa chake chilipo. Kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo chitupa cha unzika ndi chomwe tinaonetsa polembetsa mavoti a pa 16 September 2025. Mu January 2025 MACRA italengeza zofuna kugula makina otsata nkhani zabodza pa intaneti, mabungwe omenyera ufulu anadzuka kufunsa kuti makinawo adzalekezera pati.

Koma kuno ku Thyolo, kazitape woopsa kwambiri tili naye m'gulupu momwemo, ndipo pa Jumu'a amaswali nafe mzere umodzi.

Taganizani bambo wothyola tiyi, wolembedwa ntchito nyengo yamvula yokha, masamba akachuluka. Madzulo waponya voice note pa gulupu ya WhatsApp, kudandaula za sikelo, kapena watchula chipani chomwe akuchikonda. Wina wajambula screenshot, wina watumiza voice ija kwa kapitawo. Palibe amene wathyola foni yake. Chaka chamawa dzina lake likapanda kutuluka pa mndandanda, adzadandaula kuti? Iwe amene unatumiza unkati ndi zocheza basi, koma wagwira pa mphika wa ana ake. Zomwe munthu wanena pakati pa anzake ndi amana, ndipo amana Allah adzatifunsa.

Anzathu ophunzira za makompyuta amati tisamukire ku Signal, chifukwa ndi open source: malamulo oyendetsera pulogalamuyo ali poyera, aliyense wodziwa akhoza kuwafufuza ngati mwabisala kanthu. Ine maganizo amenewa ndimawakonda, chifukwa akundikumbutsa ntchito ya ma ulama a Hadith. Imam Bukhari sankalandira nkhani chifukwa choti woinena wavala mkanjo woyera. Ankafuna isnad: wamva kwa ndani, ndipo ameneyo ndi wokhulupirika? Pulogalamu yotsekedwa imangokuuza kuti undikhulupirire, pomwe yotseguka imakulola kuyang'ana wekha. WhatsApp nayo imatseka mauthenga ndi luso lochokera kwa a Signal, kungoti pulogalamu yakeyo ndi ya Meta ndipo mkati mwake simulowa aliyense. Komabe loko ameneyu amateteza uthenga uli pa njira. Ukafika m'manja mwa m'bale wopanda taqwa, chala chake ndi chomwe chimalamula.

Pali china chomwe timadzivulaza nacho tokha. Nthawi ya kampeni, kapena mphekesera za makuponi a feteleza zikamveka, pamabwera anthu ndi kope, akulemba maina ndi manambala a zitupa. Agogo athu amangopereka, ena mpaka kusiya chitupa chigone kwa munthu wosamudziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limafuna kuti wotolera zinthu zokhudza munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka. Agogo sanaliwerenge, koma ife ophunzirafe tikhoza kuima pambali pawo n'kufunsa mwaulemu: bwana, mwachokera ku ofesi iti, ndipo kopeli likathera kuti? Akayamba kukalipa m'malo moyankha, chitupa chibwerere m'chikwama.