Odi wa Mlendo pa Tchalitchi cha Atsamunda

M'Chichewa, munthu woyenda kukaona malo timangomutcha mlendo, ndipo mlendo ali ndi mwambo wake: amaodira, amadikira kuyankhidwa, kenaka n'kulowa. Pa ulendo wolipira, tikiti imalowa m'malo mwa odi. Ukalipira, khomo latseguka. Komabe funso limatsala: m'tchalitchi chomangidwa ndi atsamunda, tiodire yani?

Funsoli ndinakumana nalo pa Ilha de Moçambique, chilumba cha m'chigawo cha Nampula, chimene chinali likulu la Apwitikizi ku Mozambique mpaka 1898. Kunsonga kwa chilumbachi kuli katchalitchi ka Katolika ka Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa mu 1522. Ambiri amati ndiko nyumba yakale kwambiri mwa nyumba za Azungu zimene zidakaimirira kumwera kwa dziko lapansi. Kuti ukafikeko, umadzera m'linga la asilikali la São Sebastião: umayamba waona mizinga ya nkhondo, guwa la nsembe pambuyo.

Katchalitchiko n'kokongola, mafunde akumenya mwala m'munsi mwake. Kukongolako ndiko kumandisautsa, pakuti pachilumba chomwechi ankakwezerapo akapolo m'zombo, kupita nawo ku Brazil ndi kuzilumba za Afalansa za m'nyanja ya India. Ena mwa iwo anatengedwa kumtunda, kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Mapemphero ndi malonda a anthu zinkachitika pamtunda umodzi.

Pali mayankho awiri osavuta. Ena amati luso ndi luso, jambula chithunzi uzipita. Ena amati munthu wakuda wodzilemekeza asapondemo n'komwe. Onsewa ndimawakana. Yankho loyamba limaiwala dala. Lachiwiri limasiya mbiri m'manja mwa amene anailemba pamiyala, komanso limanyoza Akatolika a mu Africa a lero, amene chikhulupiriro chimenechi anachisandutsa chawochawo ndipo amapemphera m'zinenero zawo.

Ine ndimati malo otere tizilowamo monga timalowera kumanda. Kwathu munthu salowa kumanda chilowelowe. Amapempha kwa mfumu, amatsitsa mawu, saseka mokweza. Sikuti onse ogona kumeneko anali abwino. Wakuba ali komweko, wankhanza ali komweko. Ulemu wa kumanda suvomereza zimene akufawo anachita. Umangovomereza kuti pamalopo pali nkhani yolemera kuposa iwe wobwerawe. Choncho ndikhoza kuvula chipewa m'katchalitchi ka 1522 popanda kukhululukira ufumu umene unakamanga.

Nanga odi uja apite kwa yani? Mbiri inasunga mayina a mafumu a ku Portugal, akazembe ndi mabishopu. Amene anaswa miyala, kuotcha njereza ndi kusenza madengu sanalembedwe pakhoma lililonse. Odi woyamba ndi wawo. Wachiwiri ndi wa amoyo. Chilumbachi chili pawiri: mbali ya nyumba zamiyala, kumene alendo timakonda kujambula, ndi mbali ya Makuti, yotchedwa dzina la masamba a kokonati ofolerera nyumba, kumene kumakhala anthu ambiri. Mbali zina za Makuti zili m'munsi mwa msewu, chifukwa ndimo munakumbidwa miyala yomangira mbali inayo. Kutalika kwa makoma amene timawasirira ndiko kuya kwa maenje amene anthu akukhalamo. Bungwe la UNESCO linaika chilumba chonse pamndandanda wa chuma cha dziko lapansi mu 1991, koma maso a mlendo amathamangira theka lokha.

Kuodira, tsono, n'kutenga woperekeza wa pachilumba pomwepo n'kumulipira moyenera, kufunsa amene anamanga usanafunse amene analamula, ndi kukafika ku Jardim da Memória, munda wokumbukira akapolo, tsiku lomwelo limene waona guwa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife timachoka ndi zithunzi. Eni chilumba amatsala ndi miyala pamodzi ndi maenje ake.