Ng'oma ya Wakufa Ziwalo

Marko atiuza za amuna anai amene ananyamula mnzao wamanjenje kumka naye kwa Yesu ku Kapernao. Nanga ife tinyamula bwanji athu?

Ambiri ali ndi abale ku Kanyama, Matero kapena Chawama amene sitiroko inawagwetsa. Si ufiti ai. Mtsempha wa mwazi watsekeka kapena kuphulika m'ubongo, ndipo mbali imodzi ya thupi ifooka. Koma Mlengi analunzanitsa khutu ndi phazi. M'caka ca 1997 Michael Thaut ndi anzace ku Colorado, m'America, anaonetsa kuti odwala otere, pophunzira kuyenda motsata kugunda kosasinthasintha, afulumirako natambasula mapazi.

Tsono ng'oma tiri nayo, manja tiri nao. Yambani mwafunsa ophunzitsa ziwalo ku cipatala ca UTH. Pamenepo ombani m'manja pang'onopang'ono, molingana ndi mayendedwe a wodwalayo, osamthamangitsa. Wina aime ku mbali yofookayo, pabwalo losalala, pakuti njira za ku Kanyama nza miyala ndi matope. Inu amai a cigwirizano, amene muyimba bwino pamaliro, bwanji osapita Lacinai kukayimbira wamoyo amene akali pamphasa?