Ndani Apima Copimila?

Anzanga acinyamata, pali mau amene timva kawili-kawili m'magulu athu: "Ine mtima wanga sunditsutsa." Wina akafunsidwa za cibwenzi cake, za ndalama za kwaya, kapena za mayankho amene analowa nao mobisa m'mayeso, ayankha motelo, ndipo nkhani ithela pomwepo. Funso lathu mwezi uno ndi ili: kodi mtima wosatsutsa ndi umboni wokwanila wakuti munthu ali pa njila yoongoka?

Tiyeni tibweleke nzelu kwa amisili a zamagetsi. Wokonza mawailesi, mafoni kapena mabatile a sola kuno ku Chowa sagwila nchito popanda kamakina kochedwa multimeter, kamene ambili angoti mita. Ndi kameneka apima mphamvu ya magetsi. Batile ya galimoto yodzala bwino ionetsa mavoti pafupi-fupi 12.6, koma ikafika pa 12.0 ndiye kuti yatsika kwambili. Tsono mita ikasokela ndi theka la voti cabe, mmisili angauze munthu kuti batile yake yabwino-bwino siisunga moto. Mmisiliyo sananame, wanena zimene waona. Komabe mwini batile wataya ndalama kugula ina pacabe.

Coopsa n'cakuti mita yosokela siicita manyazi. Ikakalamba, ikagwa pansi, kapena ikakhalitsa pa dzuwa, iyamba kupatuka pang'ono-pang'ono, koma manambala iwaonetsabe molimba mtima monga kale. Palibe mita imene ingadzipime yokha.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene akonda nkhani ya kupima magetsi monga ena akondela mpila. Ali ndi mamita oonetsa manambala 6, 7 kapena 8 motsatana, koma kuwatumiza ku malabolatole kuti akaongoledwe kufuna ndalama zambili. Motelo anapangana nzelu. Amakonza kabokosi kokhala ndi muyeso wodziwika, monga mavoti 10 osagwedezeka, kapimidwe ndi amene ali ndi zida zodalilika, ndipo kenaka kayamba ulendo pa positi. Wolandila akayatsa, akasiya kakhazikike, apima ndi mita yake, alemba cimene wapeza pamodzi ndi tsiku ndi kutentha kwa cipinda, ndipo atumiza kwa mnzake wotsatila. Ambili a iwo sanaonanepo maso ndi maso.

Kuti ulendo wotele ukhale ndi phindu, pafunika zinthu zitatu. Coyamba, aliyense alembe zimene wapezadi, ngakhale zionetse kuti mita yake ya mtengo wapatali ndiyo yasokela. Wokometsa manambala kuti asacite manyazi adzinamiza yekha, ndipo asoceletsa onse a pambuyo pake. Caciwili, kabokosi si ka munthu mmodzi. Wokasunga miyezi aimitsa gulu lonse. Cacitatu, kabokosi nako kayenela kubwelela kumene kanacokela kuti kapimidwenso, pakuti nako kangasinthe pa njila cifukwa ca kugwedezeka ndi kuzizila.

Maiko nao acita cimodzi-modzi. Kuno kwathu bungwe la Zambia Metrology Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, liyendela masikelo a m'masitolo ndi mapampu a mafuta, litanyamula miyeso yake. Miyesoyo nayo iyelekezedwa ndi ina yoposa, mpaka kufika ku likulu la miyeso ku Sèvres, pafupi ndi Paris, limene linabadwa ndi pangano la maiko la pa 20 May 1875. Kumeneko, kuyambila mu 1889, kacitsulo kamodzi ka platinum ndi iridium ndiko kanali kilogalamu ya dziko lonse lapansi. Tina tofanana nako tinagawidwa ku maiko, ndipo patapita zaka zambili tinali kubwezedwa kukayelekezedwa. Patatha zaka pafupi-fupi 100 kunapezeka kuti tinasiyana ndi kacitsulo ka ku Sèvres ndi mamaikilogalamu pafupi-fupi 50, kulemela kocepa kuposa kambeu ka mcenga. Kodi kanasintha ndi kati? Panalibe cina coposa cofunsako. Ndiye cifukwa cake mu 2019 asayansi analeka kudalila citsulo cosulidwa ndi manja, namangilila kilogalamu pa nambala ya m'cilengedwe yosasinthika, yochedwa dzina la Max Planck.

Wina anganene kuti izi ndi za anthu okhuta. Koma ife a mu Kabwe tidziwa kuti muyeso ungakhale nkhani ya moyo. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mtovu m'magazi a mwana suoneka ndi maso, ndipo mwana angasewele bwino-bwino pamene ubongo wake uli kuonongeka. Pofufuza ana oposa 200 a m'makomboni atatuwa, zimene zinafalitsidwa mu 2015, akatswili anapeza kuti onse anali ndi mtovu wopitilila mamaikilogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, malile amene azaumoyo ayambila kuda nkhawa. Taganizani makina opimila magaziwo atasokela n'kuonetsa nambala yocepa. Mai angabwelele kunyumba ndi mtima wokhazikika, koma mtendele wakewo ungakhale wabodza. Kukhazikika mtima si umboni wakuti zinthu zili bwino.

Cikumbumtima ndi mphatso ya Mulungu, ndipo palibe Mkhristu ayenela kucita zimene cikumbumtima cake cikana. Koma naco ndi copimila, ndipo cisokela. Bodza loyamba lisowetsa tulo, koma la makumi awili silimveka n'komwe. Wogulitsa cimanga ndi meda yopondeleza pansi anayamba ndi mantha, lelo angoti ndiwo malonda. Mtumwi Paulo anadziwa zimenezi. Pa 1 Akorinto 4:4 avomeleza kuti kusapeza mlandu mumtima mwake sikumuyeletsa, pakuti womuweluza ndi wina. Pa 2 Akorinto 10:12 aseka anthu amene atenga iwo okha kukhala muyeso wao.

Apa pabuka mafunso awili oyenela kuwayankha. Loyamba: "Ngati mtima wanga ungasokele, nanga gulu silingasokele?" Lingasokele ndithu. Mamita khumi ogwilizana angakhale olakwa onse ngati anaongoledwa ndi muyeso umodzi wolakwa. Gulu la acinyamata lingagwilizane kuti ziphuphu zazing'ono ndi kucenjela cabe, kapena kuti kuseka mtsikana amene watenga mimba ndi cangu ca pa cikhulupililo. Kuculuka sikusandutsa colakwa kukhala coona. N'cifukwa cake kabokosi kabwelela kwao. Uphungu wa anzathu, miyambo ya mpingo, ngakhale mau a ife atsogoleli, zonse ndi miyeso yoyendayenda cabe. Ziyenela kubwezedwa nthawi ndi nthawi ku Mau a Mulungu ndi ku moyo wa Yesu Khristu, amene sasintha.

Laciwili: "Ndani ali ndi ufulu wondipima ine?" Taonani kuti kabokosi kaja sikabwela ndi woweluza. Kabwela kucokela kwa mnzako amene wangodzipima nako yekha, napeza kusokela kwake, nalemba poyela. Amene atumiza muyeso kwa ena koma safuna kuuika pa mita yake ndiye wa mtanda m'diso uja wa pa Mateyu 7. Ndipo palibe ataya mita cifukwa yasokela. Aiongola, nibwelela pa nchito. Cidzudzulo ca pa ubale cikhale cotelo, coongola osati cotaya munthu.

Nanga ticitenji? Aliyense akhale ndi munthu mmodzi kapena awili okhwima m'cikhulupililo amene wawapatsa cilolezo comufunsa mafunso owawa, ndipo aziwayankha zoona. Msungi wa cuma ca gulu asayembekeze kukayikilidwa, aike buku pa tebulo mwezi uliwonse, pakuti sikelo yabwino siopa kupimidwa. Pophunzila Baibulo tisasankhe ndime zotikomela zokha, tiwelengenso zimene zitilasa. Ndipo mnzathu akaulula kusokela kwake, nkhaniyo isatuluke pa khomo la chalichi, cifukwa gulu la miseche liphunzitsa anthu kukometsa manambala.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mtima umodzi naonso sudziongola wokha. Pa msonkhano wanu wa sabata ino kambilanani funso ili: ndi liti pamene ndinalola wina kupima cikumbumtima canga, ndipo nditamva zotulukapo ndinacita ciani?