Mausiku 9 pa mphasa, usiku umodzi ku hotela: kodi ndi tchimo?



Sabata yathayi gulu lathu la WhatsApp linatentha chifukwa cha chithunzi chimodzi. Mnyamata wathu wina, atagulitsa nshawa zake, ananyamula chola kumsana kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ulendo si wapafupi: makilomita pafupifupi 400 kufika ku Lusaka, kuwonjezera ena oposa 450 kufika ku Livingstone. Anayenda modzimana. Usiku woyamba anagona pa benchi ku Intercity. Masiku 4 anakhala kwa amalume ake ku Chawama. Ku Livingstone anagona m'chipinda cha anthu 8, chakudya chake mabanzi ndi madzi. Koma usiku womaliza anatenga zonse zimene anasunga nakalowa mu hotela ina ya m'mbali mwa Zambezi, ya mtundu uja woti usiku umodzi umadya ndalama zoposa za mwezi wathunthu za mphunzitsi. Chithunzi chinabwera: mwana wa ku Petauke atavala mkanjo woyera, kapu m'manja, mtsinje kumbuyo.

Ena analemba kuti, "Aleluya, mwana wa Mfumu sagona pansi!" Ena anati, "Ndalama imeneyo ndi matumba angati a fetereza?" A bishopu anandiuza kuti ndilembepo, ndipo mnyamatayo wavomera kuti ndisimbe nkhani yake popanda dzina.

Zimene anachitazi si zachilendo. Alendo akunja aja a zikwama zikuluzikulu, amene timakwera nawo basi kuchokera ku Chipata, ambiri amayenda motero. Masabata angapo m'matenti ndi m'mabasi, kenaka usiku umodzi kapena uwiri ku loji ya mtengo ku Mfuwe kapena ku Livingstone asanakwere ndege. Kwa iwo ndi kutsuka fumbi la ulendo. Kwa ife funso limalemera, chifukwa ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka.

Tiyambe ndi iwo amene akuti ndi tchimo. Tsegulani Deuteronomo 14:22-26. Lamulo linali loti Mwisraeli apatule chakhumi cha zokolola nakachidyere pamaso pa Mulungu ku malo osankhidwa. Ngati njira yatalika moti katundu sanyamulika, agulitse, amange ndalama m'manja, ayende. Akafika agule chimene mtima wake ukhumba, ng'ombe, nkhosa, chakumwa, adye ndi banja lake mokondwera. Taonani bwino: mlimi, ulendo wautali, ndalama yosungidwa njira yonse, phwando kumapeto. Amene analamula zimenezi ndi Mulungu mwini. Ndiye kunena kuti chisangalalo chilichonse cha mtengo ndi kuwononga sikuchokera m'Malemba.

Kumbukiraninso Yohane 12. Mariya wa ku Betaniya anatsanulira pa mapazi a Yesu mafuta onunkhira a madinari 300. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku a waganyu, ndiye tinene kuti ganyu wa pafupifupi chaka chonse anathera pa chakudya chimodzi chamadzulo. Amene anaimirira kudandaulira osauka anali Yudasi, ndipo Yohane sanabise kuti mtima wake unali pa thumba la ndalama. Sindikunena kuti aliyense amene anafunsa za fetereza ndi Yudasi, ayi. Ambiri munafunsa mwachikondi. Koma tidzifufuze, pakuti nsanje imadziwa kuvala jekete la nzeru.

Manje tibwere kwa iwo amene akuti hotelayo ndi umboni wa dalitso. Apanso tisamale. Bedi la mtengo silitsimikizira kudzoza kwa munthu. M'chipinda chomwecho dzulo munagona wakuba, mawa mudzagona wosapemphera. Paulo analembera Afilipi ali womangidwa, ndipo mu chaputala 4 akunena kuti anaphunzira kukhuta ndi kumva njala, kukhala nazo ndi kusowa, mtima uli chimodzimodzi. Ngati mnyamata wathu anali mwana wa Mfumu pa bedi la hotela pokha, nanga pa benchi ya ku Intercity anali mwana wa yani? Mulungu amene anamusunga podutsa mapiri a Manenekela usiku ndi yemweyo, ndipo pamenepo panalibe chithunzi.

Tonse tinayang'ana usiku womaliza. Ine ndiona kuti mlandu, ngati ulipo, uli m'mausiku 9 oyamba aja. Funso lake ndi ili: pamene ulendo unali wotchipa, analipira ndani?

Ndiyambe ndi ine ndemwe. Nchito yanga ndi kukonza maulendo a bishopu, ndipo ndimanyadira kusunga ndalama ya mpingo. Tsiku lina tinaima pa Nyimba kugula nthochi. Amai ena anati K30. Ndinalimbana nawo mpaka K20, ndinapemphanso mbasela. Anandipatsa, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo nthochi sizidikira mawa. Madzulo omwewo ku Lusaka, podikira msonkhano mu hotela ina, ndinaitanitsa kapu ya tiyi ya mtengo woposa nthochi zonse zija. Sindinatsegule pakamwa. Ndinalipira ndikumwetulira, ndinasiyanso kachenji. Usiku ndili pa bedi, Mzimu anandikumbutsa nkhope ya amai aja. Kwa wosauka ndinali mkango, kwa wolemera ndinali mwanawankhosa.

Abale, ulendo wotchipa nthawi zambiri sukhala wotchipa. Wina amakhala atalipira mwakachetechete. Amai a nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa amene tinawadula mtengo, alipira. Mnyamata wa njinga amene anatinyamulira katundu tikumuuza kuti "tidzaonana", walipira. Amalume a ku Chawama amene anachotsa ana pa matiresi kuti mlendo agonepo, nagula malasha ndi ndiwo za masiku 4 pakati pa mwezi, alipira. Ukatenga zonse zimene unapulumutsa mwa anthu amenewa nkukazipereka pa kauntala ya hotela, sunadzimane wekha. Wamana anzako, phwando wadya wekha.

Ndiye chifukwa chake Deuteronomo 14 sathera pa vesi 26. Vesi 27 likuti Mlevi, amene analibe munda, asaiwalike. Mavesi 28 ndi 29 akuwonjezera mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kuti chaka chachitatu chilichonse nawonso adye nakhute. Mulungu amene analola phwando ndi yemwe anawerenga amene adzakhala kunja kwa mpanda.

Wina anganene kuti, "Koma mtumiki, kwathu mlendo salipiritsidwa. Amalume angakhumudwe kupatsidwa ndalama ngati ali ndi resitihausi." Zoona, ndipo mwambo umenewo ndi wokoma. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti musamalireni, sakhalitsa. Koma makolo omwewo sanali kufika pakhomo chimanjamanja. Ankanyamula nkhuku, kathumba ka nshawa, dengu la ufa. Sanali kulipira, anali kuthandizana mtolo. Mwambowo uli ndi miyendo iwiri. Ife tasunga mwendo wa kulandiridwa, tadula wa kubweretsa.

Winanso anganene kuti kunenerera mtengo ndi malonda basi. Inde, sindikuletsa. Wogulitsa nayenso amayambira pamwamba. Koma pali kusiyana pakati pa kufuna mtengo woyenera ndi kufinya munthu chifukwa waona kuti alibe kothawira. K10 imene ine sindinaimve ku hotela, kwa amai a ku Nyimba inali sopo kapena mchere.

Ndipo hotela payokha si mdani. Muli ophika, ochapa, alonda, ana a anthu ngati ife amene amaphunzitsa ang'ono awo ndi malipiro amenewo. Palibenso lamulo loti kukongola kwa Zambezi kudziwike ndi alendo akunja okha. David Livingstone anaona mathithi aja mu 1855, koma eni dziko anali atawatcha dzina kale. Mwana wa mlimi wa ku Petauke kukagona pamenepo ndi ndalama ya thukuta lake, ine sindiona manyazi.

Lachitatu ndinakhala pansi ndi mnyamata uja. Ndinafunsa ngati anatenga kaloba. Anati ayi. Ngati anakhudza ya mbewu kapena ya sukulu ya mlongo wake. Anati ayi, anasunga kwa zaka 2. Ndinati, "Mwana wanga, wachita bwino. Nanga kwa amalume unasiya chiyani?" Anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Abusa, ndinasiya zikomo." Anaonjeza kuti aang'ono ake awiri anagona pa simenti masiku onse 4, ndipo iye sanaganizepo mpaka nthawi imeneyo. Tisanasiyane anatumiza pa foni ya thumba la ufa la makilogalamu 25 ndi ya malasha. Amalume anaimba foni kukana, monga mwa ulemu, koma amai a pakhomopo anamveka kumbuyo akuthokoza.

Posachedwa ena mupita ku misonkhano, ena ku maukwati, ena kukaona abale ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Ngati mwasunga kuti mukapume pamalo pabwino tsiku lomaliza, pitani, mukagone, mukayamike Mulungu popanda kudziimba mlandu. Koma musanalipire chipinda chimenecho, bwererani m'maganizo njira yonse imene mwadzera. Ndalamayo ndi yanu, kapena ndi ngongole? Kunyumba mwasiya ufa? Amene anakulandirani ndi amene anakugulitsani panjira, mwawasiya olemererapo kapena opepukidwa? Ndipo mawa lake, mukabwerera pa mphasa yanu, mudzatha kuyamika ndi mawu omwewo?

Ine mwezi wamawa ndidutsanso pa Nyimba. Amai aja ndikuwakumbukira pamene amakhala, ndipo ndili nawo ngongole ya K10.

Tipemphere: Atate, zikomo chifukwa cha mphasa, zikomonso chifukwa cha bedi. Tsegulani maso athu tione amene amatinyamula panjira, kuti chimwemwe chathu chisakhale mtolo wa wina. M'dzina la Yesu, amen.

Sabata yabwino kwa nonse. Tionane pa Sande.