Zenera loonera m'nyumba ya eni

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndidalemba nkhani yokhudza chisoni. Pakati pake ndidaikapo vidiyo ya pa YouTube: mayi wina atakhala pamatope akulira, kumbuyo kwake anyamata akukumba ndi makasu. Sindidajambule ndine. Mayiyo sindidakumanepo naye.

Kuika vidiyo yotere sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Umadina Share, kenako Embed, YouTube n'kukupatsa kamzere ka zilembo koyamba ndi mawu oti iframe. Ukakamata m'nkhani yako, basi, vidiyo yaoneka. Komatu vidiyoyo siisamukira kwa iwe. Imakhala komweko m'makompyuta a Google, iwe wangoboola zenera pakhoma lako kuti alendo ako azionera za kwa eni. N'chifukwa chake amene adaikweza akaichotsa, kapena akatseka chilolezo choti iziikidwa kwina, patsamba lako pamangotsala kabokosi kakuda.

Ndidadzikhululukira ndi mfundo yomweyi. Sindidabe, sindidakopere, ndangoloza chala. Ngakhale khoti lalikulu la European Union lidagamula mu 2014, pa mlandu wa BestWater, kuti kuika mwa njira imeneyi vidiyo imene ili kale poyera pa intaneti sikuli ngati kuiulutsanso kwa anthu atsopano. Majaji a ku Luxembourg atatero, ine wa ku Ndirande ndidzivutitsirenji?

Amene adandisokoneza ndi azakhali anga. Ndidawapatsa foni kuti awerenge, ndikudikira kuti anyadire mwana wa mchimwene wawo. Atafika pa vidiyo adaonera pang'ono n'kundibwezera foni.

"Amayiwa adakuuza kuti uziwaonetsa?"

"Ayi azakhali, vidiyoyi ili kale pa YouTube. Aliyense akhoza kuiona."

"Ndiye poti chitseko cha siwa n'chotsegula, iwe ukaitane anthu a pamsika adzasuzumire?"

Ndidaseka, koma usiku umenewo tulo tidavuta. Ndidaona kuti chigamulo chija chimayankha funso lina, la amene adajambula, ngati ndamulanda ntchito yake kapena ayi. Za mayi uja sichinenapo kanthu. Batani loletsa kuti vidiyo isaikidwe pamasamba ena lili m'manja mwa amene adaikweza. Mayi amene nkhope yake yadzaza sikirini alibe batani lililonse. Mwinanso foni yake idapita ndi matope omwewo.

Ndipo kunena kuti ndidangoloza chala kudali kudzinamiza. Ndine ndidasankha malo. Ndidaika vidiyoyo pansi pa ndime imene mawu anga adali atafooka, pomwe ndidalephera kufotokoza chimene munthu amamva akataya zonse usiku umodzi. Kulira kwa mayiyo kudamaliza chiganizo chimene ine chidandikanika. Anthu atandilembera kuti nkhaniyo yawakhudza, ndidalandira matamandowo ngati anga.

Sindikunena kuti mavidiyo onse a tsoka azibisidwa. Masiku amenewo, abale athu a ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku London adaona kukula kwa ngoziyo kudzera m'timavidiyo ta pafoni tomweti, ndipo ambiri adasonkha ufa, zovala ndi ndalama chifukwa adaona ndi maso awo. Pamaliro timapita, timaona, timakauza ena. Kutembenuza nkhope nakonso n'kulakwa. Koma wopita pamaliro amakhala pansi, amapepesa, amaponya kenakake m'mbale. Amaonedwanso ndi ofedwa. Pazenera langa lija kuona kumapita mbali imodzi: ife timamuona, iye sationa. Wowerenga amatha bandulo yake, Google imadziwa kuti vidiyo yaonedwanso, ine ndimawerenga kuchuluka kwa alendo. Pa anthu onsewa, amene sapezapo kanthu ndi yemwe akulirayo.

Ndiye funso limene lidandikhalira silidali lakuti ndikuloledwa kapena ayi, poti kuloledwa ndidaloledwa. Lidali lakuti vidiyoyo ndidaiika kuti ithandize ndani. Ndikadalemba pansi pake komwe anthu angapereke thandizo, mwina ndikadakhala ndi poyankhira azakhali. Sindidalembe. Ndidalembapo ndime yokongola yonena za mvula.

Ndidati ndiichotsa mawa. Mawa lidakhala sabata, sabata n'kukhala miyezi. Mukudziwa mmene timachitira ndi zinthu zimene zikutichititsa manyazi. Tsiku lina nditatsegula nkhaniyo ndidapeza kabokosi kakuda kaja. Amene adaikweza adali ataichotsa yekha, pa zifukwa zake. Chiganizo changa chapamwamba pake chikadalipo mpaka lero, chikuti "taonani mayi uyu", koma pansi pake palibe munthu.