Pulayazi Imene Ndidaifuna Tsiku Lija

Pali funso limene lakhala likundisautsa kuyambira tsiku limene ndidakangana ndi makaniko wina wa ndege. Kodi munthu amene wakana kuchita chinthu choopsa, pomwe mwina chikadatha bwinobwino, tinganene kuti adachita bwino? Nanga amene adavutika chifukwa cha kukana kwakeko, awadandaulire ndani?

Ine ndimagwira ntchito m'boma. Chaka china tidatumidwa anthu awiri kupita ku Likoma kukaona mafayilo a anthu amene ndalama zawo zidachedwa. Adatipezera ndege yaing'ono yobwereka, Piper Cherokee ya m'zaka za m'ma 1970, ya mipando inayi. M'mawa woyendetsa ndegeyo akuyendera zipangizo zake, adapeza kuti chogwirira chosankhira thanki ya mafuta chalimba, sichikutembenuka.

Ndifotokozeko pang'ono. Ndege imeneyi ili ndi thanki m'phiko lililonse. Injini imamwa ku thanki imodzi pa nthawi, ndipo woyendetsa amasinthasintha ali m'mwamba kuti mbali imodzi isalemere kuposa inzake. Chosinthiracho ndi kavavu kamkuwa kamene chogwirira chake chili pakhoma, pafupi ndi bondo lakumanzere la woyendetsa: kumanzere, kumanja, kapena kutseka. Kakauma, ndiye kuti theka la mafuta mwanyamula ngati katundu chabe.

Makaniko adabwera, bambo wachikulire wa imvi m'mbali. Adagwira chogwiriracho ndi zala ziwiri, n'kupukusa mutu.

"Lero siuluka iyi, bwana."

"Bambo, kodi pulayazi mulibe?" ndidatero ine. "Mungokakamiza kamodzi, kamasuka. Anthu akutidikira uko."

Adandiyang'ana osakwiya. "Ndikakakamiza katembenuka ndithu. Koma chimene chatembenukacho ndi chiyani, chogwirira kapena vavu? Mukudziwa inu?"

Sindidadziwe. Ulendo udalephereka, ndipo popeza ndidalibe kopita, ndidakhala pa chigubu n'kumaonerera ndi mtima wowawa. Adayamba wakhetsa mafuta, abuluu aja a ndege, m'mathanki onse awiri. Adamasula mapaipi, natulutsa vavuyo n'kuiika pa nsalu yoyera. M'kati mwake muli kamtima kosongoka kokhala ndi bowo, kamene kamazungulira m'chisa chake. Girizi wake adali atatsukika kalekale, patangotsala zouma zakuda zomata ngati phula. Adatsuka, n'kuyang'ana pa kuwala ngati mkuwawo udakandika. Adasintha timphira tozungulira totchinga mafuta, napaka girizi wapadera amene mafuta a ndege samusungunula, pang'ono pokha, chifukwa wochuluka angatseke njira. Chimene adataya nacho nthawi yaitali ndi kasipuling'i kamene kamachititsa chogwirira kugwa m'malo mwake ndi kaphokoso koti "kete". Adandiuza kuti woyendetsa sayang'ana pansi akamasintha thanki, amamva ndi dzanja. Kakapanda kugwa bwino, vavu ikhoza kuima pakati, mafuta n'kumadutsa mopereŵera kapena osadutsa konse.

Adandionetsanso polumikizira chogwirira ndi vavu. Pamenepo ndi pamene pulayazi yanga ikadapotola kapena kuthyola. Chogwirira chikadaloza kumanja mokhulupirika, vavu ili phee kumanzere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe sindifuna kudzinamiza kuti nkhani idathera pomwepo. Mwina vavu ija ikadamasuka bwinobwino, tikadafika ku Likoma, ndipo ine ndikadamanyoza makaniko wamantha mpaka lero. Kulephereka kwa ulendo kudali ndi mtengo wake: anthu aja adadikiranso milungu ingapo, ena ali ndi ngongole kugolosale. Iwo sadasankhe kulipira mtengo umenewo. Ndiye ndikamati bamboyo adachita bwino, ndikunena ndikudziwa kuti ena adagona ndi njala chifukwa cha ubwino wakewo.

Chimene chidandithandiza kuganiza ndi imfa ya woimba wa ku America, John Denver. Pa 12 Okutobala 1997 adagwa ndi ndege yake yaing'ono ya mtundu wa Long-EZ m'nyanja ya Monterey Bay ku California, ali ndi zaka 53. Amene adapanga ndegeyo adaika chosankhira thanki kumbuyo kwa phewa lakumanzere la woyendetsa, povuta kufikira. Asananyamuke, iye ndi makaniko adayesa kutalikitsa chogwiriracho ndi pulayazi, osatheka. Adakananso kuthira mafuta ena. Ofufuza ngozi a bungwe la NTSB adapeza kuti mafuta atasiya kufika ku injini, iye adatembenuka kuti afikire chogwirira, ndipo m'kutembenukamo ndege idamupulumuka. Vutolo adalidziwa ali pansi. Ndegeyo idali itaulukapo kambiri ndi vuto lomwelo, ndipo ulendo uliwonse wabwino unkaoneka ngati umboni wakuti palibe choopsa.

Apa ndi pamene ndimaima ine. Kufika bwino sikutsuka chisankho choipa, kumangochibisa. Makaniko uja sakadadziwa mathero a ulendo wathu, monganso ine. Chimene akadadziwa n'chimodzi: ngati waona m'kati mwa vavu kapena ayi. Ndipo pomaliza ntchito amasaina m'buku la ndege kuti ili bwino. Ine ndinkamupempha kuti asaine chinthu chimene sadachione.

Izi zidandilasa chifukwa nanenso ntchito yanga ndi yosaina. Ndi mavocha angati amene ndidasainapo chifukwa bwana akufulumira, galimoto ili kale pakhomo, osatsegula n'komwe mapepala a kumbuyo? Ambiri adadutsa popanda vuto, ndipo ndinkadzitcha wochangamuka. Kusiyana kwanga ndi bambo uja n'kwakuti zolakwa zanga sizigwa kuchokera m'mwamba anthu akuona. Zimagwa mwakachetechete pa munthu amene sindidzamuona, mwina mmodzi mwa omwe aja ankadikira ku Likoma.

Dzuwa litapendeka adabwezeretsa vavu, nathira mafuta, n'kuyang'ana ngati pakudontha. Woyendetsa adaliza injini pa thanki yakumanzere kwa kanthawi, kenaka yakumanja, kenaka adatseka mpaka injini idazima yokha. Atatha kusaina, makanikoyo adandikodola.

"Tabwerani bwana, mutembenuze nokha."

Ndidagwira ndi zala ziwiri monga adachitira iye m'mawa muja. Kete. Kete. Ndidafuna kupepesa, koma iye adali atayamba kale kupukuta masipanala ake.