Pemphero, chambu ndi loko: amalonda Hilux usiku ndani?

Munthu akagula Hilux kapena Land Cruiser ku Chipata, ulendo woyamba nthawi zambiri umakhala wa kutchalitchi. Abusa amasanjika manja pa boneti, kapena wansembe amawaza madzi odalitsa kuyambira kumatayala mpaka pampando wa dalaivala, azimayi akululutira. M'mawa mwake galimoto yomweyo ili kwa amakanika, akuiika alamu, loko ya chiwongolero ndi kachipangizo kosonyeza komwe ili. Enanso, ngakhale sanena poyera, amapita nayo kumudzi usiku kukaitsirika. Ndiye okhulupirira ena amafunsa moona mtima: ngati galimoto yaperekedwa m'manja mwa Mulungu, maloko onsewa ndi a chiyani? Kumeneku si kumukayikira?

Mantha a eni magalimoto ali ndi pogwira. Kuchoka m'tauni kukafika pa boda ya Mwami ndi mphindi zochepa chabe. Cha ku Katete kuli Chanida yolowera ku Tete, ku Lundazi kuli Lusuntha. Mu Disembala 2022 Apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula boda yatsopano ya Mwami ndi Mchinji, ndipo galimoto situluka pamenepo popanda chikalata cha apolisi a Interpol. Koma wakuba sasowa njira ina, chifukwa midzi yambiri yakhala mbali zonse ziwiri za malire ndipo tinjira ta ngolo sitiwerengeka. Galimoto yaing'ono ingatitimire mumchenga pa dambo loyamba, pamene Land Cruiser imangodutsa. Mphamvu yomwe mwini anaigulira ndi yomweyo wakuba akuifuna. N'chifukwa chake akuluakulu a apolisi a maiko a kuno kummwera anapanga bungwe la SARPCCO mu 1995, kuti adzithandizana pa milandu yodumpha malire, kuphatikizapo kuba magalimoto.

Amene amati loko ndi kusakhulupirira amatsamira pa Salimo 127, lomwe limaphunzitsa kuti kuchezera kwa mlonda n'kwachabe ngati Mulungu sasunga mudzi. Koma salimolo silichotsa mlonda pachipata. Limangomukumbutsa kuti si iye mwini moyo. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anachita ziwiri zonse: anthu anapemphera, alonda n'kuikidwa usana ndi usiku. Yesu naye anakana kudzigwetsa kuchokera pamwamba pa kachisi, chifukwa kulowa m'ngozi dala podalira angelo ndiko kuyesa Mulungu. Asilamu a ku Chipata, omwe mzikiti wawo umaonekera patali cha ku Down Shops, ali ndi nkhani yofanana: munthu wina anafunsa Mtumiki Muhammad ngati asiye ngamira yake osamanga popeza akudalira Allah, ndipo anauzidwa kuti aimange, kudalirako kusalekeke.

Pamenepa zipembedzo zonse ziwiri zikugwirizana. Vuto lenileni lili pena.

Makolo ankatchinjiriza munda ndi chambu. Ankati wakuba akalowamo amangozungulira ndi dengu pamutu mpaka mwini munda amupeze. Chambu sichifunsa khalidwe la mwini wake. Kaya ndi wachilungamo, kaya ndi wankhanza, ukaika waika. Akhristu ambiri lero asandutsa pemphero kukhala chambu chatsopano: mafuta odzozera pa dashibodi, chomata cha vesi pagalasi lakumbuyo, basi nkhani yatha. Galimoto ikabedwa amakwiyira abusa ngati sing'anga amene mankhwala ake sanagwire. Chonsecho pemphero lodalitsa galimoto limagwera anthu: oyendetsa kuti asamale, okwera kuti afike bwino. Silisandutsa chitsulo kukhala chosabeka, ndipo limafunsa mwini wake mmene akukhalira ndi anzake.

Mnzake woyamba ndi mlonda. Mu Juni, mphepo ya ku mapiri a Chipata ikamalowa m'mafupa, iye amakhala pampando wothyoka mwendo pafupi ndi geti, kambaula pakati pa mapazi, tochi yothera mabatire m'thumba la jekete. Bwana akamalowa amamva mawu omwewo tsiku lililonse: “Mwafika, bwana.” Koma bwanayo mwina sadziwa kumene mlonda wake amakhala, kapena kuti mwana wa mlondayo ali m'chipatala. Malipiro amachedwa pamene ndalama ya inshuwalansi ndi ya kachipangizo kolondolera sidumpha mwezi. Si kunena kuti mlonda wosauka ndi wakuba, ayi, ochuluka ndi anthu okhulupirika kwambiri. Koma munthu amene wamusiyira chuma chachikulu chotere usiku wonse, n'kumamumana tiyi, ukumuika pa mayesero omwe iwe mwini umapempha Mulungu kuti akupewetse. Zipangizo nazo zili ndi malire: kolondolera kamadalira netiweki ya foni, yomwe kuchigwa cha Luangwa imasowa m'malo ena, ndipo Land Cruiser yakale ya injini ya 1HZ ilibe makompyuta ambiri oletsa kuiliza popanda kiyi. Chotsala ndi maso a munthu.

Komanso galimoto zotere si za mwini yekha. Nthawi ya mvula ku Vubwi, ku Chama kapena ku Mambwe, Land Cruiser ya parishi kapena ya kiliniki ndiyo ambulansi ya mayi amene wavutika pochira. Ina inagulidwa ndi zopereka za anthu wamba a kutali, kudzera m'mabungwe monga MIVA ya ku Austria, yomwe yakhala ikuthandiza mamishoni ndi zoyendera kuyambira 1949. Wosiya makiyi a galimoto yotere paliponse, n'kumati Mulungu alipo, akuseweretsa moyo wa anthu ena.

Ndipo wakuba sakanaba popanda wogula. Amene wapeza injini kapena giyabokosi ya Hilux pa mtengo wotsika modabwitsa, osafunsa kumene yachokera, kapena wagula galimoto osaona ngati nambala ya chasisi ikufanana ndi ya pa white book, chikalata cha umwini wa galimoto chochokera ku bungwe la RTSA, wathandiza nawo kubako, ngakhale Lamlungu atakhala pa benchi yakutsogolo. Inu amene mwadalitsitsa galimoto yanu, ikani loko ndithu, funsani mapepala a chilichonse chimene mukugula, ndipo malipiro a mlonda wanu asadutse tsiku lake mwezi uno.